Telala, wojambula zithunzi ndi woyendetsa tsamba: tigawane bwanji ndalama osadana?

Nabanda_Mufakose

Moni nonse. Ndili ndi funso lofuna anthu odziwa za malonda.

Tilipo atatu. Ine ndimasoka zovala za chitenje kuno ku Mufakose mu Harare, ku Zimbabwe, makamaka madiresi a roora (mwambo wa malowolo wa Achishona) ndi a ukwati. Msuweni wanga ali ndi kamera, amajambula zithunzi ndi mavidiyo. Wachitatu ndi mtsikana wa kumpingo kwathu amene amalemba bwino Chichewa, Chishona ndi Chingerezi, ndipo ndi amene akuyendetsa masamba a Facebook, Instagram ndi TikTok komanso kuyankha makasitomala pa WhatsApp. Cholinga chathu n'choti kasitomala akabwera apeze zonse pamodzi: zovala, zithunzi za tsiku la mwambo ndi kavidiyo kakafupi.

Pomwe tavutika ndi apa. Msuweni akuti ndalama iliyonse yolowa tizigawana patatu mofanana, ine mtima sukundilola koma sindikudziwa kuti ndinene njira iti. Komanso zithunzizo mwini wake ndani, wojambula, ine wosoka zovala, kapena kasitomala? Pali sitolo ina ya nsalu m'tauni yomwe ikufuna kuti tiziitsatsa pa masamba athu, koma ikuti izitipatsa nsalu m'malo mwa ndalama. Ndipo kodi tilembetse kampani panopa kapena tidikire kaye?

Phiri_Kambuzuma

Anabanda, ine ndiyankhapo za ndalama, za zithunzi ndisiyira eni ake.

Mtima wanuwo ukunena zoona. Kugawana patatu mofanana kumakoma pokamba, koma ndalama imene kasitomala wapereka si phindu. M'kati mwake muli zinthu zitatu, ndipo zimachotsedwa motsatana: ndalama yogulira zipangizo, malipiro a ntchito imene aliyense wagwira, kenako chotsala. Chotsalacho ndiye phindu, ndipo n'chokhacho chogawana mofanana.

Tiyerekeze ndi oda imodzi, mitengoyi ndangoika kuti masamu aoneke, inu muikepo yanu. Banja lina likufuna madiresi 8 a roora, lililonse $45, ndiye $360. Zithunzi ndi kavidiyo $120. Zonse pamodzi $480.

Chotsani zogula poyamba. Nsalu mayadi 30, kapena kuti mapisi 5 a mayadi 6 pa $12 pisi, ndi $60. Lainini, mazipi, ulusi ndi zolimbitsira khosi $30. Thiransipoti yokagula nsalu, yokayeza ndi yopita ku mwambo $20. Bandulo ndi kulipira Facebook kuti itsatse $15. Zonse $125, patsala $355.

Tsopano ntchito. Kusoka diresi limodzi muike $20, ndiye telala alandira $160. Wojambula, tsiku la mwambo pamodzi ndi kukonza zithunzi pa kompyuta, $80. Wa pa tsamba, amene anapeza kasitomalayo, kumuyankha, kumukumbutsa za kuyeza ndi kulemba zotsatsa, $25. Zonse $265, patsala $90. Pa $90 imeneyi ikani $30 m'thumba la gulu, $60 yotsalayo aliyense atenge $20.

Mukadagawa $355 ija patatu, aliyense akadatenga pafupifupi $118. Ndiye kuti munthu amene wakhala pa makina masabata awiri walandira mofanana ndi amene wagwira tsiku limodzi ndi madzulo awiri. Oda yoyamba telala amangomwetulira, yachitatu amayamba kutenga maoda kuseri osauza anzake, ndipo gulu limathera pomwepo. Komanso njira imeneyi imateteza wojambula. Pakabwera ntchito ya zithunzi zambiri ndi diresi limodzi, iyeyo ndi amene alandira zambiri.

Mitengo ya ntchitoyi muigwirizane panopa, oda isanabwere, muilembe papepala. Ndalama ikakhala kale patebulo aliyense amaona ngati ntchito yake ndi imene inali yolemetsa. Wa pa tsamba mutha kumupatsa peresenti m'malo mwa ndalama yokhazikika, mwachitsanzo 5 peresenti ya oda iliyonse yobwera kudzera pa tsamba, koma munene momveka za makasitomala akale a telala amene ankabwera gulu lisanayambe. Amenewo lembani mayina awo lero, kuti mawa pasadzakhale kukangana zoti uyu anabwera ndi ndani.

Makina osokera ndi anu, kamera ndi ya msuweni wanu, foni ndi ya mtsikanayo. Zikhale choncho. Singano, mafuta a makina, mabatire ndi memori khadi aliyense azigula kuchokera pa malipiro ake, n'chifukwa chake mtengo wa ntchito suyenera kukhala wotsika kwambiri. Koma chimene mwagula ndi ndalama ya m'thumba, kaya ndi magetsi ojambulira, kaya ndi ovaloka (makina osokera m'mphepete mwa nsalu), chilembedwe m'buku kuti n'cha gulu, tsiku logula ndi mtengo wake, risiti imatidwe pomwepo.

Za dipoziti musachite manyazi. Kasitomala apereke 60 peresenti musanadule nsalu, yotsalayo tsiku loyeza komaliza, diresi lisanatuluke m'nyumba. Zithunzi nazonso zisatumizidwe ndalama isanakwane. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anthu mwambo ukangotha ndalama imakhala itathera ku zakudya ndi matenti, ndipo telala amakumbukiridwa pomaliza. Dipozitiyo iyenera kukwanira zogula zonse ndi theka la ntchito, kuti roora ikalephereka, poti zimalephereka, musatsale ndi madiresi 8 a miyezo ya anthu ena ndi ngongole ya nsalu.

Mitengo muzilemba m'madola. Wina akalipira mu ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, lembani pa risiti reti imene mwagwiritsa ntchito ndipo nsalu mukagule tsiku lomwelo. Wolipira pa foni kudzera pa EcoCash kapena InnBucks adziwiretu amene akusenza ndalama yotumizira ndi msonkho wa IMTT umene umadulidwa potumiza ndalama, apo ayi $480 ija ifika yoperewera ndipo woperewedwayo akhala amene foni yake yalandira. Mitengo izithera pa 5 kapena 0, nonse mukudziwa vuto la chenji mu Harare muno. Ndalama ya pepala yong'ambika musalandire, ogulitsa nsalu akaikana.

Buku likhale limodzi, ndipo wosunga buku asakhale yemwenso akusunga ndalama. Tsiku limodzi pa mwezi mukhale pansi atatu, muwerenge, aliyense asaine.

Wojambula_wa_ku_Avenues

Zikomo a Phiri, masamuwo ndagwirizana nawo. Pa $80 ya wojambula ndingowonjezera kuti ola limodzi lojambula limabala maola awiri kapena atatu a pa kompyuta, ndiye poika mtengo muziwerenga zonse.

Anabanda, funso lanu la umwini ambiri amaliyankha molakwika. Anthu amaganiza kuti wodina kamera ndiye mwini nthawi zonse. Lamulo la kuno, Copyright and Neighbouring Rights Act, limayambiradi pamenepo, koma lili ndi gawo lina lofunika kwa inu: munthu akatuma wina kuti amujambule chithunzi kapena vidiyo, n'kulipira kapena kulonjeza kulipira, umwini umapita kwa wotumayo, pokhapokha ngati anagwirizana zina. Ndiye kuti pa oda ya roora ija, mukapanda kulemba kanthu, zithunzi n'za banja lolipiralo. Osati za msuweni wanu, osati zanu. Akhoza kukuuzani kuti muzichotse pa tsamba, ndipo muzichotsa.

N'chifukwa chake fomu ya oda iyenera kukhala ndi mzere wonena za zimenezi. Siyofunika Chingerezi cha maloya. Mawu ngati awa akwana: "Ndikulola gulu ili kugwiritsa ntchito zithunzi zosaposa 10 ndi kavidiyo kamodzi ka mwambo wanga potsatsa ntchito yawo pa Facebook, Instagram, TikTok ndi WhatsApp kwa zaka 2. Zithunzizo ndiyambe ndaziona." Kasitomala asaine, alembe tsiku. Wina akakana, ndi ufulu wake, mutha kumupatsa mtengo wokwererapo pang'ono kapena kungovomera. Mwambo wa roora ndi wa m'banja, pali mabanja amene safuna kuti nkhope za akuluakulu awo zizioneka pa intaneti, ndipo nthawi yokambirana za chuma kamera siloledwa n'komwe m'nyumba zambiri. Wojambula afunsiretu kwa azakhali a mkwatibwi kuti aime pati, alowe liti.

Chilolezo cha mkwatibwi sichikhudza anthu onse 8 ovala madiresi aja. Nkhope ya munthu imatetezedwa ndi Cyber and Data Protection Act ya 2021, choncho aliyense amene nkhope yake mukufuna kutsatsira malonda avomere yekha, ngakhale pa uthenga wa WhatsApp womwe mwausunga. Ana musawaike popanda kholo kuvomera molemba.

Pali zithunzi za mtundu wina, zomwe mumajambula nokha popanda kasitomala, zoonetsa masitayilo atsopano. Apa ngati palibe amene walipira wojambula, mwini ndi iyeyo. Koma lamulo lija likamati kulipira silinena ndalama yokha, chinthu cha mtengo nachonso chimawerengedwa, ndiye mukamusokera malaya ngati malipiro, nkhani itha kutembenuka. Musasiye zimenezi m'malere. Njira yosavuta ndi iyi: umwini ukhale wa wojambula, koma alembe kuti telala ali ndi chilolezo chogwiritsa ntchito zithunzi za zovala zake mpaka kalekale, ngakhale gulu litatha, ndipo dzina la wojambula lizitchulidwa. Kusamutsa umwini wonse kumafuna kalata yosainidwa ndi mwini, kungolankhulana pakamwa sikukwana.

Kwa kasitomala lembani chiwerengero: zithunzi zokonzedwa 60, vidiyo ya masekondi 60 mpaka 90, zifika pasanathe masiku 14, kusintha kamodzi kokha kwaulere. Mukangoti "zithunzi za mwambo" adzafuna zonse 900 zomwe kamera inadina, ndi zotsinzina zomwe. Mafayilo a RAW, omwe ndi zithunzi zosakonza monga zachokera m'kamera, saperekedwa, pokhapokha atagulidwa padera. Zithunzi zisungidwe malo awiri tsiku lomwelo, ndipo khadi isafufutidwe mpaka kasitomala atalandira. Roora sibwerezedwa.

Pang'ono za kajambulidwe ka chitenje, poti pamenepa m'pamene telala ndi wojambula amayambanirana. Mababu a m'nyumba amasintha mtundu wa nsalu, chofiirira chimaoneka cha olenji, buluu amaoneka wotuwa. Kasitomala akaitanitsa potengera chithunzi, diresi likafika amati si limeneli. Jambulani pa kuwala kwa pawindo kapena pamthunzi panja, muike pepala loyera m'chithunzi choyamba kuti wokonza akhale ndi poyezera, ndipo zosefera zokometsera mitundu zisagwiritsidwe ntchito pa zithunzi zogulitsira. Diresi lisitidwe, ulusi wolendewera udulidwe, kamera imaona zonse. Za pa Instagram zikhale 1080 kwa 1350, mavidiyo oimirira 1080 kwa 1920. Potumizirana pa WhatsApp muzitumiza ngati document, mukatumiza ngati chithunzi wamba chimafinyidwa ndipo maluwa a nsalu amasanduka phala.

Nyimbo samalani nazo. Kuika nyimbo ya woimba wotchuka pa vidiyo yotsatsa malonda kumafuna chilolezo, ndipo masambawa amatha kuzimitsa mawu kapena kuchotsa vidiyo yonse. Gwiritsani ntchito nyimbo zomwe tsambalo lalola kuti ndi za malonda, kapena gwirizanani ndi woimba wachinyamata akupangireni kanyimbo kanu, nayenso mulemberane. Oimba ambiri kuno ufulu wawo umayang'aniridwa ndi bungwe la ZIMURA, kumudzi ku Malawi ndi la COSOMA.

Chomaliza, ndipo ndi chimene ndikuchiopa kwambiri pa nkhani yanu: masambawo ali m'dzina la ndani? Ngati mtsikanayo anatsegula ndi imelo yake ndi nambala yake, bizinesi yonse ili m'foni mwake. Sikuti ndi woipa mtima, koma foni imabedwa pa siteji ya mabasi ya Copacabana, munthu amakwatiwa n'kupita ku Joni. Tsegulani imelo ya gulu, gulani laini yatsopano ya bizinesi yokha, mulembe amene mwailembetsa m'dzina lake. Pa tsamba la Facebook anthu awiri akhale ndi ulamuliro wonse, wachitatu akhale ndi wongoikira zinthu. Manambala obwezeretsera akaunti muwalembe papepala, asungidwe m'nyumba ziwiri. WhatsApp Business imalola kulumikiza zipangizo zina pa nambala imodzi, ndiye nonse mutha kumaona zomwe makasitomala akulemba.

Nabanda_Mufakose

Zikomo kwambiri a Phiri ndi achimwene a ku Avenues. Zoti zithunzi zitha kukhala za kasitomala sindinkazidziwa. Masamba onse ali pa nambala ya mtsikanayo, tikonza sabata ino. Nanga za sitolo ya nsalu ija? Akuti mapisi 4 pa mwezi, ife tiziika zotsatsa "pafupipafupi".

Mayi_Mwale_Highfield

Achemwali, mawu akuti "pafupipafupi" ndi amene ali ndi msampha. Kwa inu atha kutanthauza kawiri pa mwezi, kwa mwini sitolo katatu pa sabata.

Kulipidwa ndi nsalu pakokha si koipa kwa telala, chifukwa nsalu mukadagulabe. Koma muwerenge bwino. Sitolo ikakupatsani pisi yomwe imagulitsa $12, iyo yataya mtengo umene inaodera, womwe ndi wotsikirapo. Inu mbali yanu mwaika kusoka, tsiku la wojambula, wovala diresi, thiransipoti ndi bandulo. Mapisi 4 ndi $48 pa mtengo wa pashelefu. Potengera mitengo ya a Phiri ija, diresi limodzi ndi kujambula kumodzi zadutsa kale pamenepo. Komanso nsalu imapindulira inu nokha, wojambula ndi wa pa tsamba sangadye chitenje. Mukavomera, nsaluyo ilowe m'buku ngati ndalama ya gulu, inu muigule ku gulu pa mtengo wogwirizana, anzanuwo alandire gawo lawo.

Ine ndikadakhala inu ndikadabwerera ndi pempho ili: nsalu yosokera zovala zojambulidwazo ikhale yaulere, isawerengedwe ngati malipiro, pamwamba pake pakhale ndalama. Akakanitsitsa, chepetsani ntchito ifanane ndi nsaluyo, ndipo nsalu muzisankha nokha. Mukawasiyira kusankha adzakupatsani zomwe zakhalitsa pashelefu, zomwe makasitomala anu sangazifune.

Papepala pakhale zinthu izi. Chiwerengero: mwachitsanzo zithunzi 2 ndi vidiyo imodzi pa mwezi, pa masamba akutiakuti. Nthawi: miyezi 3, kenako mukambiranenso. Kodi sitolo ili ndi ufulu wotenga zithunzizo n'kuziika pa tsamba lake, pa chikwangwani cha pakhomo, pa kalendala? Chimenechi chili ndi mtengo wakewake, ndipo nthawi zambiri n'chimene amafunadi, chifukwa kulemba ganyu wojambula ndi wovala zovala kukadawadyera ndalama zambiri. Kodi akukuletsani kutchula masitolo ena? Ngati ndi choncho alipirenso, ndipo chiletsocho chikhale cha kutsatsa kokha, chisakhale cha kugula. Kasitomala akafuna nsalu imene iwo alibe, kapena mukalandira chitenje chochokera ku Limbe pa basi ya pa Nyamapanda, musamangike manja. Pomaliza tsiku lolipira: theka musanajambule, theka pasanathe masiku 7 zotsatsa zitatuluka.

Pokambirana musadalire chiwerengero cha okutsatirani. Mwini sitolo wanzeru amadziwa kuti otsatira amagulidwa. Muonetseni zimene tsamba limawerengera lokha: anthu angati anaona pa masiku 28 apitawa, ali m'mizinda iti, azaka zingati, amayi ndi angati. Otsatira 3,000 omwe ambiri ndi amayi a mu Harare ndi Chitungwiza ndi aphindu kwa sitolo ya nsalu kuposa 30,000 omwe ali ku Lilongwe ndi ku UK. Gwirizananinso mawu achinsinsi oti kasitomala akatchula pa kauntala achotseredwe pang'ono, sitolo izilemba. Pakatha miyezi 3 mudzakhala ndi umboni wokwezera mtengo. Ndipo chotsatsa cholipidwa chizionetsa kuti n'cholipidwa, Facebook ndi Instagram zili ndi chizindikiro chake. Anthu akazindikira okha kuti mumawabisira, mawu anu sadzawakhulupiriranso.

Za kampani, apa ndikusiyana pang'ono ndi amene amati dikirani mpaka mukule. Miyezi yoyamba, inde, yesanani kaye ndi pepala losainirana. Koma dziwani kuti anthu akamachita malonda limodzi n'kumagawana phindu osalembetsa, ngongole imene mmodzi watenga m'dzina la gulu itha kugwera onse, mpaka katundu wa m'nyumba. Ndiye mukangoona kuti mwayamba kutenga nsalu pangongole kapena kulandira ntchito za makampani, lembetsani. Kwa anthu atatu, Private Business Corporation, imene ambiri amangoti PBC, ndi yosavuta ndi yotchipa kuposa Private Limited. Zonse zili pansi pa Companies and Other Business Entities Act ya 2019. Mukatero mutenge nambala ya msonkho ya TIN ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, kudzera pa TaRMS, njira yawo ya pa intaneti, mutsegule akaunti ya kubanki ya bizinesi, mupemphe chiphaso cha ITF263 choonetsa kuti za msonkho wanu zili bwino. Chiphaso chimenechi n'chofunika chifukwa kampani yolembetsedwa ikamakulipirani ndalama zopitirira $1,000 pa chaka inu mulibe ITF263, imakakamizidwa kudula 30 peresenti n'kuitumiza ku ZIMRA. Ambiri amadzidzimuka nazo pa invoisi yawo yoyamba yaikulu.

Pali china chokhudza ife amene makolo athu anachokera kunja. Malonda ena m'dziko muno lamulo linawasungira nzika, kuphatikizapo kugulitsa m'masitolo, makampani otsatsa malonda ndi malonda a zaluso za m'dziko. Ngati wina mwa inu chitupa chake chikadali cholembedwa kuti ndi mlendo pomwe anabadwira konkuno, akonze zimenezo ku ofesi ya zitupa ndi unzika asanalembetse. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amapereka unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linali lochokera m'dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ngati ankakhala kuno pamene malamulowo ankayamba.

Kulembetsa kampani sikuteteza dzina la malonda ndi chizindikiro chanu. Zimenezo zimalembetsedwa padera ku ZIPO, ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda. Ngati mukulingalira zodzagulitsanso ku Malawi, ofesi yaikulu ya ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa lolembetsa zizindikirozi, ili konkuno ku Belgravia, ndipo kudzera m'pangano la Banjul Protocol pempho limodzi litha kukhudza Zimbabwe ndi Malawi. Izi si za chaka chino, ndalama zake n'zambiri kwa gulu longoyamba, koma dzina lisankheni panopa mutafufuza kuti palibe wina akuligwiritsa ntchito.

Kamanga_Tafara

Akuluakulu anena zambiri, ine ndiwonjezere za kalendala, chifukwa thumba la $30 la a Phiri lija lili ndi mwezi wake umene lidzagwire ntchito.

Anzathu Achishona ambiri sachita roora kapena ukwati mu Novembala, mwezi umene amautcha Mbudzi. Ndiye maoda a mwambo amachuluka mu Okutobala, amazilala mu Novembala, n'kudzasefukira mu Disembala pomwe a kunja abwera kutchuthi. Enanso amaunjikana pa Isitala ndi pa tchuthi cha Heroes mu Ogasiti. Januwale ndalama zonse zimapita ku fizi. Novembala musamuone ngati mwezi wakufa: ndi nthawi yosoka za Disembala, choncho madipoziti a Disembala muwatseke pofika pakati pa Okutobala, ndipo telala anene yekha kuti pa sabata amatha madiresi angati magetsi atazima masiku ena. Wa pa tsamba asalandire oda yoposa pamenepo. Vuto lofala m'magulu otere n'lakuti wolandira peresenti amavomera aliyense, wosoka ndiye amagona pa makina, tsiku la mwambo zipi ikusokedwa m'galimoto. Pakhale kalendala imodzi yomwe nonse mukuiona, ndipo oda isatsimikizidwe telala ndi wojambula asanavomere tsikulo.

Zithunzi zoonetsa masitayilo muzijambula zambiri tsiku limodzi, zovala 6 kapena 8, zokwanira kuika mwezi wathunthu. Kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala majakaranda amakhala atachita maluwa m'misewu ya ku Avenues, malo aulere okongola, koma nsalu ya pepo imamira m'menemo, tengani yachikasu kapena yoyera. Dzuwa la masana limaika mithunzi m'maso, jambulani isanakwane 9 koloko m'mawa kapena ikadutsa 4 koloko madzulo. Malo ngati National Botanic Garden ndi Domboshava funsirenitu za ndalama yolowera ndi chilolezo chojambula, muike m'bajeti.

Msuweni wanu mwina akuwerengera ndalama ya YouTube. Zimbabwe ili m'gulu la maiko ololedwa, koma pamafunika otsatira tchanelo 1,000 ndi maola 4,000 oonera pa miyezi 12 kuti muyambe kulandira za zotsatsa, ndipo ndalama imatuluka ikakwana $100. Oonera a m'dera lathu lino amabweretsa ndalama yochepa poyerekeza ndi a ku Ulaya. Kwa inu vidiyo ntchito yake ndi kukoka oda. Mavidiyo oonetsa mmene mumayezera thupi, mmene mumadulira kuti maluwa a nsalu akumane pamsoko, kapena mmene chitenje chimachapidwira koyamba kuti chisasuluke, amakopa anthu kuposa kungoonetsa diresi lomalizidwa. Ndipo Chichewa musachibise. A Malawi a ku Mbare, Rugare, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi ku Norton akamva chilankhulo chawo amatumizirana okha m'magulu a mpingo ndi a maliro. Mawu a m'munsi muike a Chishona kapena Chingerezi kuti enawo asatsalire.

Makasitomala a kunja olipirira abale awo, alandireni kudzera pa Mukuru, WorldRemit kapena Western Union, dzina lolandirira likhale limodzi lodziwika, lolembedwa pa invoisi.

Nabanda_Mufakose

Ndalemba zonse. Funso lomaliza: wina akafuna kuchoka, nanga tsamba ndi dzina zitsala ndi ndani? Msuweni ndi m'bale, sindikufuna nkhani idzafike kwa amalume.

Phiri_Kambuzuma

Ikafika kwa amalume idzaweruzidwa mwachibale, ndipo wamng'ono ndi amene adzauzidwe kuti apepese. Lembani panopa pomwe mukusekerana.

Wochoka anene masiku 30 zisanachitike, ndipo amalize maoda onse omwe dipoziti yake inalandiridwa kale. Katundu wake atenge. Za m'thumba ndi katundu wa gulu ziwerengedwe pa mtengo wa lero, osati wogulira, alandire gawo limodzi mwa atatu, litha kuperekedwa pa miyezi 3 kuti otsala asagwe. Dzina, masamba ndi laini ya foni zitsale ndi amene akupitiriza. Mukabalalika nonse, sankhiranitu lero amene adzazitenge ndi ndalama imene adzapatse anzake. Kwa ine zikuyenera telala, poti anthu anatsatira tsambalo chifukwa cha zovala, koma mtsikanayo ndi amene walilera, ndiye pakhale chomupatsa chenicheni. Tsiku lochokalo mapasiwedi onse asinthidwe, dzina lake lichotsedwe pa ulamuliro wa tsamba, ndipo makasitomala auzidwe ndi uthenga umodzi womwe nonse mwagwirizana mawu ake.

Tchulaninso munthu mmodzi wosakhala wachibale, kaya mkulu wa mpingo kaya wamalonda mnzanu, amene mudzapiteko mukasemphana. Zikakanika kumeneko, pa ngongole zing'onozing'ono pali Small Claims Court, ndipo kumeneko chimene adzafunse choyamba ndi pepala. Pepala la masamba awiri likwana. Lilembeni m'Chichewa ngati n'chimene nonse mukumva bwino, pakhalenso lina la Chingerezi lofanana nalo, aliyense asaine tsamba lililonse pamaso pa mboni ziwiri, ndipo aliyense asunge lake.